Nsomba yachilendo ikalowa mu Bua, adzaitulutsa ndani?

M'makalabu a alimi a nsomba kuno ku Nkhotakota muli funso limene silikutha: bwanji boma silitilola kuweta nsomba ija akuweta anzathu a ku Zambia, yotchedwa Nile tilapia? Amene anaiona amati imakula ngati yothiridwa feteleza. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi imakhala itafika pogulitsa, pamene makumba athu ambiri amakhala akadali ang'onoang'ono. Funsoli ndi lomveka, ndipo wolifunsa si munthu wosamva. Anakumba damu ndi khasu, wagula madeya, wadikira theka la chaka, ndiye akufuna aone ndalama. Koma nkhaniyi sithera pa damu lake lokha. Ikukhudza Bua, Dwangwa, Kaombe, Chia ndi nyanja imene madzi onse a boma lino amathiramo.

Lamulo la za usodzi la chaka cha 1997 limaletsa kulowetsa m'dziko muno, kapena kuika m'madzi athu, nsomba yamoyo yachilendo popanda chilolezo cha Nthambi ya za Usodzi. Nsomba zimene alimi amalimbikitsidwa kuweta ndi zathu zomwe: makumba, chambo, chilunguni ndi mlamba. Lamulo lokha silikhutiritsa munthu amene ali ndi ana ofuna fizi. Choncho tiyeni tione chimene lamuloli likuopa, ndiponso ngati manthawo ali ndi maziko.

Za kodikodi, akuluakulu akuzikumbukira

Sikuti chachilendo chilichonse ndi choipa. Chinangwa chimene timadyera kondowole chinachokera ku South America. Chimanga chinachokera ku Mexico. Mbewu zimenezi zimakhala pamene tazibzala, ndipo tikasiya kuzisamalira zimatha zokha. Vuto ndi chamoyo chimene chimati chikafika chimaswana chokha, n'kumadya kapena kulanda malo a zimene chazipeza, popanda wochiletsa.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja anaziona zimenezi ndi maso. Kodikodi, kachirombo koyera ngati ufa kamene kamayamwa nsonga za chinangwa, kanafika mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kudzera ku Congo, katakwera pa mitengo ya chinangwa yochokera ku South America. Mu 1985 kanapezeka ku Nkhata Bay, ndipo posakhalitsa kanafalikira m'minda ya m'mphepete mwa nyanja. Nsonga zinkapotana, masamba n'kuyoyoka, pansi osaika kanthu. M'madera amene nsima yake ndi ya chinangwa munagwa njala. Funsani agogo a m'mudzi mwanu, akuuzani.

Chodabwitsa n'chakuti kwawo ku South America kachiromboka sikanali kodziwika n'komwe, chifukwa kumeneko kali ndi adani amene amakachepetsa. Kuno kanabwera kokha, adani ake atatsala. Akatswiri a bungwe la IITA, motsogozedwa ndi Hans Herren, pamodzi ndi anzawo anakapeza mdani wake ku Paraguay: kamavu kakang'ono kwambiri kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi. Anakaswetsa n'kukamwaza m'maiko ambiri, kuno ku Malawi komwe, ndipo patapita zaka zingapo chinangwa chinayambanso kupuma. Kodikodi sanathe. Alipobe mpaka lero, kungoti tsopano ali ndi womuchepetsa.

Nkhani yake ndi yomweyo pa nankafumbwe wamkulu woboola chimanga ndi makaka m'nkhokwe, amene analowera ku Tanzania, komanso pa mbozi zija zinafika m'nyengo ya 2016 mpaka 2017 zimene zinachititsa kuti mu Disembala 2017 boma lilengeze ngozi m'maboma 20. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinabwerera kwawo.

Pali chitsanzo china chimene alimi ambiri sachidziwa, koma n'chimene chikufanana kwambiri ndi nkhani ya chambo. Mu 1986 m'dziko muno munapezeka nsabwe zachilendo zoyamwa mitengo ya cypress. Zinaumitsa mitengo yambiri yobzalidwa, kenako zinakwera phiri n'kukagwira mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mkungudzawo unali utachepa kale chifukwa cha macheka ndi moto. Nsabwezo zinaupeza uli wofooka. Chirombo chachilendo chimapweteka kwambiri chamoyo chimene ife eni tachifooketsa kale.

Zimene zinachitika ku nyanja ya Victoria

M'munda tingathe kupopera mankhwala, kuzula, kutentha, kapena kusintha mbewu. M'nyanja palibe chilichonse mwa izi chimene chingatheke. Amene anaphunzira zimenezi mowawa ndi anzathu a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania.

Nyanja ya Victoria inali ndi mitundu pafupifupi 500 ya tinsomba ta m'banja limodzi ndi utaka, mbuna ndi chisawasawa zathu. M'zaka za m'ma 1950, mu ulamuliro wa atsamunda, munaikidwa nsomba yolusa yotchedwa Nile perch, imene ikakula imatha kuposa thupi la munthu wamkulu. Maganizo ake anali akuti idye tinsomba taminga tija n'kutisandutsa mnofu wa malonda. Kwa zaka zoposa makumi awiri sipanaoneke chodetsa nkhawa, moti amene ankachenjeza ankaoneka ngati ongolongolola. Kenako m'zaka za m'ma 1980 inaswana modzaza nyanja, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba tija inasowa. Madzinso anali atayamba kuda chifukwa cha dothi ndi zonyansa zochokera kumtunda, zimene zinawonjezera vutolo.

Tinene chilungamo, ndalama zinabwera. Mafakitale anamangidwa ku Mwanza, Kisumu ndi Jinja, ndipo mnofu unayamba kupita ku Ulaya pa ndege. Koma taonani amene anapindula ndi amene anataya. Nsomba yaikulu chotero imafuna boti, injini ndi ukonde wolimba, zimene msodzi wa bwato lopalasa alibe. Tinsomba takale amayi ankangotiyanika padzuwa. Yatsopanoyi ndi yamafuta, siuma ndi dzuwa, imafuna kuwamba, ndiye mitengo ya m'mphepete mwa nyanja inathera pa moto. Mabanja ambiri osauka anatsala ndi kugula mitu ndi mafupa otsala ku fakitale. Tayerekezani doko la kwanu lopanda utaka, thandala lili mbee, n'kumadikira mafupa.

Nile perch ndi yolusa, ndipo aliyense amamvetsa kuopsa kwa nsomba yodya zinzake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'zaka zomwezo mu Victoria munaikidwanso Nile tilapia, nsomba yofatsa yodya ndere ndi tizomera ta m'madzi. Imeneyi sinameze nsomba ina. Inangolanda chakudya ndi malo oswanirana. Lero chambo cha eni nyanjayo, chimene iwo amachitcha ngege, pafupifupi sichipezekanso m'nyanja yaikulu, chinatsalira m'tinyanja ting'onoting'ono tapambali.

Pafupi ndi kwathu, ku Kariba, zachitikanso. Nile tilapia inathawa m'malo owetera nsomba, ndipo chambo cha mtsinje wa Zambezi chimene chinali chochuluka m'nyanjayo chachepa mpaka kulembedwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha. Ku Kafue yakhala ikukwatirana ndi chambo cha kumeneko, moti mtundu weniweni ukusowa. Choncho pamene tikuti "anzathu a ku Zambia akuweta", tizikumbukira kuti iwo alipira mtengo umenewu.

Chifukwa chake chambo chathu sichingapirire

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 800, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko, ndipo yambiri sipezeka kwina. Koma nsomba zimene timadalira pa malonda zadwala kale. Mu 2018 bungwe la IUCN litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi linapeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pa chiopsezo chachikulu chakutha. Ntchila, imene makolo athu ankaigwira yochuluka, inagwa kalekale. Mpasa, umene umakwera Bua kukaswana nthawi ya mvula, wachepa chifukwa cha mabiyo otseka mtsinje wonse, mankhwala ophera nsomba ndi dothi lokokoloka limene limakwirira miyala yoikirapo mazira. Izi sizinachitike chifukwa cha mlendo. Tachita ndife, ndi maukonde a udzudzu ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Koma ndiye kuti mlendo akafika lero apeza eni nyumba ali chigonere, monga zinachitikira ndi mkungudza.

Nile tilapia ndi chambo ndi pachibale, ndipo ubale umenewu ndiwo vuto. Zimadya zofanana. Zimaswana mofanana: yamphongo imakonza chisa pamchenga, yaikazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa, kenako n'kukawasiya m'madzi osaya, m'mabango ndi m'matowe ngati a ku Chia. Kusiyana kwake n'kwakuti chambo chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswana m'nyanja, pamene Nile tilapia imayamba isanathe chaka, imaswa kangapo, ndipo yamphongo yake ndi yandewu pa chisa. Pa mpikisano wotere wopambana amadziwika usanayambe.

Choopsa kwambiri ndi kukwatirana. Nsomba za m'banja limeneli zimatha kuberekerana. Nile tilapia ikakwatirana ndi makumba kapena chambo, ana ake amaswananso, ndipo pakapita mibadwo ingapo simungathenso kuloza kuti uyu ndi chambo weniweni. Nsomba yochepa chifukwa cha ukonde ingabwerere tikatseka nyanja n'kusunga malo oswanirana. Mtundu wosakanizika subwerera, ngakhale titatseka nyanja zaka khumi.

Dziko lino linakanapo kale zinthu zotere, ndipo linachita bwino. Nsomba ya carp inabwera mu 1976 kuchokera ku Israel, ndipo alimi a m'chigawo cha kummwera anaikonda chifukwa inkakula bwino. Mu 1992 boma linailetsa poopa kuti ikafika m'nyanja idzafukula pansi monga imachitira nkhumba, n'kudetsa madzi ndi kugumula zisa za chambo. Alimi anadandaula, ndipo ena akudandaulabe. M'zaka za m'ma 1980 panalinso maganizo oika kapenta wa ku Tanganyika m'nyanja yathu kuti azidya tizilombo ta m'madzi akuya, timene ena ankati tikungowonongeka n'kusanduka nkhungu. Akatswiri ena anatsutsa kuti kapentayo adzalimbana ndi usipa ndi utaka, ndipo sanaikidwe. Amene mumakazinga nkhungu ndi kuyanika usipa mukudya chifukwa cha mkangano umene unachitika ambiri a ife tisanabadwe.

Komabe nyanjayi si yathu tokha. Mu 2013 akatswiri analengeza kuti apeza Nile tilapia kumbali ya Tanzania, m'madamu a alimi ndi m'kanyanja kotchedwa Itamba, m'dera limene madzi ake amatsikira ku nyanja ya Malawi. Ena akamva zimenezi amati, "Ndiye tikudzivutitsiranji, poti ilowa kale?" Ine sindigwirizana nawo. Nsomba zochepa zothawa patalipatali nthawi zambiri zimadyedwa ndi kampango, ncheni ndi mbalame zisanakhazikike. Mlendo amakhazikika akamalowa wambiri, kawirikawiri, m'malo ambiri. Damu lililonse latsopano lokhala ndi nsombayi m'mbali mwa mtsinje ndi khomo linanso lotseguka.

Njira yake ndi mtsinje

Mlimi aliyense amati damu lake ndi lolimba. Koma kumapeto kwa Febuluwale 2024 tonse tinaona madzi a ku Dwangwa atasefukira m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda, nyumba zitagwa, msewu wa M5 utaduka, anthu zikwizikwi ali m'misasa. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mphepete. Madzi ogwetsa nyumba ya njerwa sangalephere khoma la dothi la damu la nsomba. Usiku umodzi wokha ukwanira kuti zonse za m'damu zikhale mumtsinje.

Ndipo si madamu a kuno okha. Bua amayambira ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, n'kudutsa m'malire a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota, n'kudzathira m'nyanja kuno kwathu. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anali asanaonekepo m'dziko muno, ndipo boma linaletsa kunyamula nsomba zamoyo m'madera a mtsinjewu. Anthu a kuno anachita mantha chifukwa ankadziwa kuti za kumtunda zimatsika. Mbewu ya nsomba yogulidwa mwachinsinsi kutsidya kwa malire ingabwere ndi zonse ziwiri, mtundu woletsedwa ndi matenda, m'chigubu chimodzi.

M'chigubu chomwecho mungabisalenso mlendo wina amene tiyenera kumudziwa asanafike. Ndi chamoyo chonga nkhanu koma chotalika thupi, chochokera ku Australia, chotchedwa redclaw crayfish. Chamtundu wobiriwira mopita ku buluu, ndipo champhongo chili ndi banga lofiira pa zopanira zake. Chinabweretsedwa ku Zambia kuti chiziwetedwa, chinathawa, ndipo tsopano chadzaza Kafue ndi Kariba. Chimadya chilichonse: zomera za m'madzi, nkhono, mazira ndi tiana ta nsomba. Asodzi a kumeneko akavuula matchera m'mawa amapeza nsomba zitadyedwa mimba ndi maso, zosagulitsika, ukonde utang'ambika pochotsa zilombozo. Chimatha kuyenda pamtunda ponyowa kuchoka m'damu lina kupita lina. Munthu akakuuzani kuti chili ndi msika ku mahotela, mufunseni kuti matchera a asodzi a ku Chia adzalipira ndani.

Nanga mlimi apindule bwanji?

Apa ndi pamene ife alangizi tiyenera kulankhula zoona. Kuletsa kokha popanda kupereka china m'malo mwake ndi kumene kumachititsa anthu kuyenda usiku ndi zigubu. Makumba amakuladi pang'onopang'ono poyerekeza ndi Nile tilapia imene akatswiri akhala akuisankha kwa zaka zambiri. Mbewu yabwino ndi yosowa, chakudya cha m'matumba ndi chodula. Ntchito yosankha makumba okula msanga yakhala ikuchitika ku Domasi ndi ku Bunda, koma zipatso zake sizinafike mokwanira kwa mlimi wa ku Mwansambo kapena ku Nkhunga. M'maganizo anga, ngati boma likufuna lamulo lake limvedwe, liyenera kufulumiza ntchito imeneyi ndi kuika malo oswetsera mbewu yovomerezeka pafupi ndi alimi. Kupanda kutero tikupempha mlimi wosauka kuti asunge nyanja ya dziko lonse ndi thumba lake.

Koma ndinenenso kuti madamu ambiri amene ndimayendera vuto lake si mtundu wa nsomba. Nsomba za ku Kariba zimene timazisirira zimadya chakudya cha ku fakitale tsiku ndi tsiku, ndipo zimawetedwa zamphongo zokhazokha. Mutaiika Nile tilapia yomweyo m'damu la madzi oyera mbee, lopanda manyowa, n'kumaiponyera madeya mukakumbukira, nayonso idzaswana msanga n'kupinimbira ngati makumba. Makumba amapinimbira chifukwa choswana m'damu mpaka kuthinana, ndiponso chifukwa chotenga mbewu m'damu lomwelo chaka ndi chaka, titagulitsa zikuluzikulu n'kusiya zofooka kuti zikhale makolo. Ndi chimodzimodzi kudya chimanga chabwino n'kusunga zitsononkho zonyozeka kuti zikhale mbewu.

Zambiri zokonza zili m'manja mwanu. Thirani manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe mpaka madzi abiriwire, moti mukaviika mkono mpaka m'chigongono chikhatho chisaoneke bwino. Musadzaze damu, nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse n'zokwanira kwa mlimi wodalira manyowa ndi madeya. Sakanizani madeya ndi soya wokazinga ndi kugaya. Ngati mungathe, sankhani zamphongo zokha zikafika poti n'kuzizindikira, ndipo mlangizi wa za nsomba angakuonetseni kasankhidwe kake. Mukakolola phwetsani damu lonse, liume, ndipo mukagule mbewu yatsopano kwa woswetsa wodziwika ku ofesi ya za usodzi. Damu latsopano musalikumbe m'njira ya madzi osefukira, ndipo paipi yotulutsira madzi ikhale ndi sefa. Sefayo imatetezanso nsomba zanu zomwe kuti zisathawe.

Inu alimi otsogolera, anthu amakufunsani inu asanafike kwa ife, choncho dziwani kuizindikira nsombayi. Yang'anani chipsepse cha kumchira. Nile tilapia ili ndi mizere yakuda yopyapyala, yambiri, yoima motsatana bwino kuyambira patsinde la mchira mpaka kunsonga, ndipo imaoneka ngakhale nsombayo ikadali yaing'ono ngati zala ziwiri. Makumba ndi chambo alibe mizere yotere kumchira. Mukhozanso kuwerenga minga yolimba pa chipsepse cha pansi, chakufupi ndi mchira: makumba ambiri ali ndi inayi, Nile tilapia ili ndi itatu. Poti chambo nachonso chili ndi itatu, chizindikiro chodalirika ndi mizere ija.

Wogulitsa mbewu akakana kunena kumene waitenga, kapena akaitchula maina okometsa ngati "chambo cha haibulidi" kapena "chambo cha ku Zambia", musagule, ndipo chenjezani kalabu yonse. Ngati mwazindikira kuti nsombayi ili kale m'damu mwanu, choipitsitsa chimene mungachite ndi kutsegula madzi kuti zipite kumtsinje poopa mlandu. Tsekani potulukira madzi, itanani mlangizi wa za nsomba, kololani zonse mvula isanayambe, mudye kapena mugulitse zakufa, ndipo damulo liume mpaka dothi ling'aluke kuti pasatsale ndi kamwana komwe. Asodzi mukaipeza mu ukonde, kaya nsomba ya mizere kumchira kaya nkhanu yachilendo ija, musaibwezere m'madzi. Ipheni, muijambule pa foni ngati muli nayo, muithire mchere kuti isaole, ndipo muipereke kwa komiti ya pa doko kapena ku ofesi ya za usodzi pa boma, mutanena malo ndi tsiku limene mwaigwira.